Makolo ayambe amva nthano asanaweruze phokoso

M'nyumba zina za m'matauni a malonda mwayamba kubuka mkangano womwe sufika kwa nyakwawa kapena kupolisi, koma umatha kudanitsa bambo ndi mwana wake kwa sabata yathunthu. Mnyamata wapeza nyimbo zachilendo pa intaneti, kapena mnzake wamutumizira pafoni. Madzulo banja likungomva ng'oma zothamanga ngati chigayo, magitala olira mokuwa ndi mawu a mwamuna okwera kuposa a mayi wa kwaya. Pachithunzi cha nyimbozo pali munthu wa tsitsi lalitali, lupanga lili m'manja, atakwera chinjoka chamapiko. Chigamulo cha makolo sichichedwa: izi n'zausatana, zifufutidwe lero lomwe.

Mantha a makolowa sayenera kusekedwa. Kholo lomwe silifunsa zomwe mwana wake akumvera lataya udindo. Koma kufunsa n'kosiyana ndi kugamula mlandu usanazengedwe. Nyimbo zamtunduwu zili ndi dzina, zili ndi kwawo ndiponso mbiri yake, ndipo yemwe angaleze mtima n'kuifufuza apeza kuti zambiri mwa izo ndi nthano, zofanana ndi zomwe agogo ankasimba pamoto, kungoti zikuperekezedwa ndi magitala amagetsi.

Chitsanzo chabwino ndi chimbale chotchedwa Legendary Tales, kutanthauza nthano zamakedzana, chomwe gulu la Rhapsody la ku Italy lidatulutsa mu October 1997. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ndi kholo, koma chimbalechi anthu akuchimverabe. Mbiri yake ili ndi maphunziro awiri. Loyamba ndi la makolo, pa kaweruzidwe ka zomwe ana amakonda. Lachiwiri ndi la achinyamata oimba, pa phindu ndi zowawa zoima paokha popanda kampani yaikulu.

Nyimbo za heavy metal zidayamba cha m'ma 1970, pomwe magulu monga Black Sabbath la mumzinda wa mafakitale wa Birmingham ku England adayamba kuliza magitala molemera kuposa kale. M'kupita kwa zaka, chambachi chidabala nthambi zambiri zomwe sizifanana ngakhale pang'ono. Pali nthambi zomwe woimba amabangula mawu osamveka n'komwe, pali zoimba za imfa ndi mkwiyo, palinso yomwe imatchedwa power metal, momwe muli Rhapsody. Kuziika zonse m'thumba limodzi kuli ngati kunena kuti kwaya ya kutchalitchi ndi nyimbo za pamowa n'chimodzimodzi poti zonse zimaimbidwa ndi pakamwa.

Nthambi ya power metal idakhwima ku Germany. Gulu la Helloween la ku Hamburg lidatulutsa zimbale ziwiri zotchedwa Keeper of the Seven Keys mu 1987 ndi 1988, ndipo ndizo zidalambula njira. Woimba ng'oma amaponda ndi mapazi onse awiri mothamanga, magitala awiri amapokezana, koma pamwamba pa zonsezo pamakhala nyimbo yosalala yomwe munthu atha kuiimba ndi mluzu. Mtsogoleri wa nyimbo amaimba momveka, mokweza ngati wa opera, ndipo kolasi imakonzedwa mwadala kuti khamu la anthu lithe kuvomera limodzi. Mitu yake kawirikawiri imakhala ya kulimba mtima, ubwenzi, chiyembekezo ndi nkhondo ya zabwino ndi zoipa.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mphepo idasintha. Chimbale cha Nevermind cha gulu la Nirvana chitagwedeza msika mu 1991, makampani akuluakulu adatembenukira ku nyimbo zaukali komanso zodandaula za moyo wa m'tauni. Nthawiyo msika wa nyimbo padziko lonse udali m'manja mwa makampani asanu ndi imodzi okha, omwe lero adatsala atatu: Universal, Sony ndi Warner. Kwa makampani otere, anyamata oimba za malupanga ndi zinjoka adali chinthu chakale komanso choseketsa.

Munali m'nyengo yovuta imeneyi momwe anyamata atatu a ku Trieste adayamba gulu lawo mu 1993. Trieste ndi doko lomwe lili kumpoto chakum'mawa kwa Italy, kufupi ndi malire a Slovenia, ndipo ndi mzinda wa anthu pafupifupi 200,000 wodziwika ndi malonda a khofi, osati nyimbo za metal. Luca Turilli ankaliza gitala, Alex Staropoli kiyibodi ndipo Daniele Carbonera ankaimba ng'oma. Poyamba ankadzitcha Thundercross. Adajambula okha kaseti yoyeserera mu 1994 yotchedwa Land of Immortals, kenako ina mu 1995 yotchedwa Eternal Glory, atasintha dzina kukhala Rhapsody.

Yemwe adawatola sadali mmodzi mwa akuluakulu aja. Idali kampani yaing'ono ya ku Hamburg yotchedwa Limb Music, ya Limb Schnoor, yemwe kale adayendetsapo zochita za gulu la Helloween. Kampani yotere ndi yomwe amaitcha yoima payokha: siili pansi pa makampani akuluakulu, ilibe ndalama zogulira nthawi pawailesi kapena pakanema, ndipo imadalira makutu a mwini wake, magazini a okonda chambacho ndi kuuzana kwa anthu. Ubwino wake ndi woti imalola woimba kuchita zomwe mtima wake ukufuna, ngakhale msika ukunena zina.

Chimbalechi adakachijambulira ku Gate Studio mumzinda wa Wolfsburg ku Germany, komwe kuli likulu la galimoto za Volkswagen, motsogozedwa ndi akatswiri awiri, Sascha Paeth ndi Miro. Mawu adaimba ndi Fabio Lione, mnyamata wa ku Pisa yemwe adali atangolowa kumene m'gululi. Nthawiyo adalibe ngakhale woliza gitala ya besi wokhazikika, moti adachita kupempha anzawo a m'situdiyo kuti awathandize. Chitoliro chachikale chomwe chimamveka m'nyimbo zina adaliza ndi Manuel Staropoli, m'bale wake wa Alex. Idali ntchito ya pachibale ndi pachinzake, monga zimakhalira ndi oimba ongoyamba kulikonse.

Chomwe chidadabwitsa omvera ndi kusakaniza kwawo. Anyamatawa ankakonda nyimbo za akatswiri amakedzana monga Vivaldi, Bach ndi Paganini, komanso nyimbo zomwe zimaperekeza mafilimu. Choncho m'nyimbo khumi za m'chimbalechi, zomwe zimatha mphindi pafupifupi 45, muli mavayolini, kwaya ndi zitoliro pambali pa magitala. Nyimbo yotsegulira ndi ya kwaya, ya m'Chilatini. Ina yotchedwa Forest of Unicorns ndi yofatsa, yonga ya kumudzi. Munthu yemwe amayembekeza chiphokoso chokhachokha amapeza kuti pali malo ambiri opumira.

Nyimbo zonsezo zikusimba nkhani imodzi yomwe Turilli adapeka, ndipo idalembedwanso m'kabuku komwe kamabwera ndi chimbalecho. M'dziko longopeka muli mzinda wotchedwa Algalord, womwe ukuopsezedwa ndi mfumu yamdima dzina lake Akron. Chida chokhacho chomwe chingagonjetse mfumuyi ndi lupanga la mwala wobiriwira wa emerald, mtundu wa mwala womwe umakumbidwanso ku Lufwanyama m'dziko la Zambia. Lupangalo lidabisidwa kuseri kwa zipata za minyanga, ndipo kuti munthu azitsekule ayenera kupeza kaye makiyi atatu a nzeru. Wosankhidwa pa ulendowu ndi msilikali wa kumpoto kozizira.

Nkhaniyi sidathere m'chimbale chimodzi. Idapitirira mu Symphony of Enchanted Lands mu 1998, Dawn of Victory mu 2000, Rain of a Thousand Flames mu 2001 ndi Power of the Dragonflame mu 2002. Msilikali uja adalipeza lupangalo mothandizidwa ndi chinjoka chotchedwa Tharos, chomwe chidatayirapo moyo. Kenako adalipereka kwa mdani pofuna kuombola abwenzi ake awiri omwe adagwidwa, koma mdaniyo sadasunge pangano ndipo adawapha. Pamapeto, yemwe adapulumutsa dziko ndi Dargor, kazembe wa mfumu yoipayo, yemwe chikumbumtima chidamutsutsa mpaka adatembenukira mbuye wake. Msilikali uja adafa pamodzi ndi Akron.

Aliyense wokulira pa nthano azindikira mafupa a nkhaniyi. Muli ulendo wautali, mayeso atatu, nyama yomwe ikuthandiza munthu, woipa yemwe sasunga mawu ake, ndi chiphunzitso pamapeto. Chiphunzitsocho si chopepuka ayi. Chikuti nzeru iyambe patsogolo mphamvu isanaperekedwe m'manja mwa munthu, kuti chida champhamvu chikagwa m'manja olakwika chimaononga omwe chimayenera kuteteza, komanso kuti ngakhale wotumikira choipa atha kubwerera.

Kufanana kwake sikuthera pankhani yokha. Wosimba nthano akati padangokhala, ana amavomera kuti tili tonse, ndipo pakati pa nthanoyo pamakhala kanyimbo komwe onse amathandizana kuimba. Ndi momwe nthano ya Kamdothi idakhalira m'mitu ya mibadwo yambiri: ana adaiwala mawu ena, koma nyimbo yake adaisunga. Kolasi ya power metal imagwira ntchito yomweyo. Anthu zikwizikwi omwe amasonkhana ku Wacken ku Germany, komwe kwakhala kukuchitika chikondwerero cha nyimbo za metal kuyambira 1990, amakaimba molandizana ndi oimba, monga amachitira ana pamoto madzulo.

Chomwe chimaopsa makolo ambiri ndi chinjoka chija, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kwa wowerenga Baibulo la Chichewa, mawu oti chinjoka amamukumbutsa buku la Chivumbulutso, momwe chikuimira mdyerekezi. Koma m'nthano za mitundu ina chilombochi chili ndi nkhope zambiri. Pambendera ya dziko la Wales pali chinjoka chofiira ngati chizindikiro cha fuko. Ku China chimaimira mwayi ndi mvula. M'zithunzi za m'matchalitchi a ku Ulaya, George Woyera amaoneka akuchibaya ndi mkondo. M'nkhani ya Rhapsody chilipo ngati bwenzi lodzipereka. Chithunzi chokha sichingauze munthu mbali yomwe nyimbo yaima. Pafunika kumva zomwe chilombocho chikuchita m'nkhanimo.

Ndi bwinonso kudziwa komwe oimba a chambachi adatunga madzi. Gwero lawo lalikulu ndi mabuku a J.R.R. Tolkien, mphunzitsi wa payunivesite ya Oxford yemwe adabadwira ku Bloemfontein ku South Africa mu 1892. Iye adali Mkatolika wolimbikira, ndipo adamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916, komwe adataya anzake apamtima. Buku lake la The Lord of the Rings, lomwe lidatuluka mu 1954 ndi 1955, likukamba za anthu wamba omwe akukana kunyengedwa ndi mphamvu. Gulu la Blind Guardian la ku Germany lidaimba chimbale chathunthu mu 1998, Nightfall in Middle-Earth, kuchokera m'buku lina la mkuluyu.

Izi sizikutanthauza kuti zonse n'zoyera. Chilungamo chikufuna kuti zinenedwe mbali zonse. M'chigawo chachitatu cha nkhani ya Rhapsody muli mazunzo komanso nkhanza zochitira mkazi, zomwe zafotokozedwa ngati ntchito za woipa koma sizoyenera mwana wamng'ono. Nyimbo zambiri zikutamanda lupanga ndi kubwezera. Ndipo kunja kwa power metal kulidi nthambi zomwe zidachita zoopsa. Ku Norway, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anyamata ena a nthambi ya black metal adatentha matchalitchi, ndipo mu 1994 mmodzi mwa iwo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 21 pa mlandu wopha mnzake ndi kutentha nyumba za mapemphero. Kholo lomwe lidamvapo izi lili ndi chifukwa chochenjerera.

Koma kuchenjera kumafuna kusiyanitsa. Mu 1990 gulu la Judas Priest lidazengedwa mlandu ku Reno m'dziko la America, pomwe mabanja a anyamata awiri omwe adadziwombera adati m'nyimbo za gululi mudabisika mawu owatuma kutero. Khoti lidamva umboni kwa masabata angapo ndipo silidapeze gululi wolakwa. M'bwalomo mudamvekanso za mavuto ena omwe anyamatawo adali nawo kale pamoyo wawo. Phunziro lake likadali lamoyo. Nkosavuta kuloza chala nyimbo kusiyana n'kufunsa mwana chomwe chikumudya mumtima, ndipo kholo lomwe lafufuta nyimbo pafoni n'kuganiza kuti lathana ndi vuto likhoza kukhala kuti silidalikhudze n'komwe.

Ngozi yotsimikizika ya nyimbozi ili poyera, ndipo ndi yomwe makolo ambiri saiganizira: makutu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka zapakati pa 12 ndi 35 ali pachiopsezo chogontha kaamba komvera nyimbo mokweza kwambiri. Bungweli limati munthu wamkulu asapyole maola 40 pasabata akumvera phokoso la mlingo wa ma decibel 80, ndipo limalangiza kuti voliyumu isapitirire magawo 60 pa 100 alionse. Khutu likaonongeka ndi phokoso silibwereranso. Apa ndiye pofunika kuti bambo ndi mayi alimbe, kaya mwana akumvera metal, amapiano kapena nyimbo zauzimu.

Phunziro lachiwiri ndi la oimba. Rhapsody idaonetsa kuti kukanidwa ndi msika waukulu si mapeto. M'chaka chomwecho cha 1997, gulu la HammerFall la ku Sweden lidatulutsa Glory to the Brave ndipo la Stratovarius la ku Finland lidatulutsa Visions, zonse kudzera m'makampani oima paokha, ndipo chamba chomwe ankati chafa chidadzuka. Rhapsody idatchuka ndi zimbale zokha, chifukwa ulendo wake woyamba waukulu wokaimba m'maiko udachitika mu 2000, pomwe idatsagana ndi Stratovarius. Pofika 2004, katswiri wa mafilimu Christopher Lee, yemwe adasewera ngati Saruman m'mafilimu a The Lord of the Rings, adavomera kukhala wosimba nkhani m'zimbale zawo. Anyamata a kaseti yoyeserera aja adafika pamenepo osasiya nthano yawo.

Komabe walira mvula walira matope. Mu 2006 gululi lidakakamizika kusintha dzina kukhala Rhapsody of Fire kaamba ka malamulo a umwini wa maina a malonda, patatha zaka zoposa khumi likudziwika ndi dzina lakale. Kenako padabuka mkangano wa mgwirizano ndi kampani ina yomwe lidasamukirako, ndipo kuchokera pa chimbale cha Triumph or Agony cha 2006, okonda gululi adadikira mpaka 2010 kuti amve chatsopano, The Frozen Tears of Angels. Zaka zimenezo oimbawa adali pachimake, ndipo sizidzabwereranso. Mu 2011 Turilli ndi Staropoli adasiyana mwamtendere, wina n'kuyambitsa gulu lake, ndipo Lione adachoka mu 2016. Staropoli adapitiriza ndi dzinalo, moti mu 2024 gululi lidatulutsa chimbale cha Challenge the Wind.

Apa pali chenjezo lomwe woimba aliyense ayenera kulisunga. Gulu lomwe lidapirira kunyozedwa ndi msika lidapunthwa pa pepala. Luso lidalipo, omvera adalipo, koma dzina ndi siginecha ndizo zidaimitsa ntchito. Safunsa adadya phula. Mnyamata yemwe akujambula nyimbo m'kachipinda kuseri kwa golosale ayenera kufufuza ngati dzina lomwe wasankha lilibe mwini, kulembetsa ntchito zake ku bungwe loteteza umwini wa zaluso monga COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, ndi kupeza munthu wodziwa malamulo kuti amuwerengere mgwirizano asanasaine. Ayeneranso kugwirizana ndi anzake, polemba, za yemwe adzatsale ndi dzina tsiku lomwe adzasiyane.

Masiku ano kuima pawekha kwaphweka mbali ina ndipo kwavuta mbali ina. Zomwe anyamata a ku Trieste adayendera ulendo wa ku Germany, lero wina atha kuyesa pakompyuta ali kuchipinda. Malo a pa intaneti monga Bandcamp amalola woimba kugulitsa yekha kwa omvera, ndipo mu 2017 gulu la Wintersun la ku Finland lidatolera ndalama zoposa ma euro 400,000 kuchokera kwa olikonda. Koma poti chitseko chatsegukira aliyense, odutsapo achuluka, ndipo nyimbo ikamveredwa kamodzi pa intaneti woimba amalandira kachigawo kochepetsetsa. Woima payekha amakhala ndi moyo ngati omvera asankha kulipira. Yemwe amati amakonda gulu laling'ono koma nyimbo zake amangokopera ulele akudya mbewu.

Pali ena omwe amanyoza chamba chonsechi ponena kuti ndi kuthawa moyo weniweni. Amafunsa kuti mnyamata yemwe alibe ntchito, kwawo feteleza wakwera mtengo, apindulanji ndi mizinda yongopeka. Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'nthano za makolo. Agogo omwe ankasimba za Kalulu ndi Njovu ankaidziwa njala kuposa aliyense, ndipo sankathawa kanthu. Ankagwiritsa ntchito nyama pophunzitsa kuti wamng'ono wochenjera atha kupulumuka pamaso pa wamphamvu, zomwe sizikanatheka kunenedwa poyera pabwalo la mfumu. Nkhani yopeka imapatsa mwana malo oyeserera mantha, imfa ndi kusakhulupirika asanakumane nazo maso ndi maso. Imakhala kuthawa pokhapokha mwana akasiya sukulu, ntchito ndi anzake chifukwa cha iyo, ndipo zikatero vuto limakhala lalikulu kuposa nyimbo.

Chomwe chiyenera kudetsa nkhawa kwambiri ndi choti ana akukapeza nthano ku Italy pomwe za kwawo zikufota. Anyamata a Rhapsody adatenga zomwe zidawazungulira, nyimbo zamakedzana za dziko lawo ndi nthano za ku Ulaya, n'kuziphika mwatsopano. Ku Botswana, gulu la Skinflint la ku Gaborone, lomwe lidayamba mu 2006, lidachita chimodzimodzi poimba heavy metal yochokera m'nthano ndi zikhulupiriro za mu Africa, m'zimbale monga Iklwa ndi Dipoko. Ku Malawi kuli Napolo, chinjoka cha m'phiri chomwe anthu adachitchula madzi atasefukira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo malemu Steve Chimombo adachisandutsa ndakatulo zomwe zidatuluka m'buku mu 1987. Nkhokwe ya nkhani ilipo yodzaza. Akusowa ndi oitsekula.

Choncho kholo lomwe lamva ng'oma zothamanga kuchipinda kwa mwana lisathamangire kulanda foni. Likhale naye pansi n'kumufunsa dzina la gululo, dziko lomwe likuchokera ndi zomwe nyimboyo ikunena. Mawu a nyimbo zambiri amapezeka olembedwa, ndipo mwana wa sekondale atha kuwamasulira m'Chichewa, zomwe zingamunolenso Chingerezi. Ngati mawuwo akutamanda kudzipha, chidani cha mitundu, kunyoza akazi kapena kupembedza zoipa, kholo lili ndi ufulu wonse wokana, ndipo lifotokoze chifukwa chake. Ngati akusimba za msilikali yemwe adataya lupanga pofuna kupulumutsa anzake, ndiye kuti papezeka nkhani yoti banja licheze, ndipo mwina agogo angakumbukirepo nthano yofanana nayo.

Muyeso womwewo ugwire nyimbo zonse. N'zodabwitsa kuti m'nyumba momwe gitala yolira mokuwa imaletsedwa, ana aang'ono amavina momasuka nyimbo zofewa zomwe mawu ake ndi otukwana kapena onyoza atsikana, poti kamvekedwe kake n'kozolowereka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zomwe zimaumba khalidwe la mwana ndi uthenga womwe akuubwereza tsiku ndi tsiku, ndipo uthengawo sudziwika poyeza kukula kwa phokoso.

Achinyamata nawo ali ndi mbali yawo. Yemwe akufuna kuti makolo alemekeze zomwe amakonda ayambe ndi iye kulemekeza nyumba: atsitse voliyumu, asasokoneze tulo ta anthu kapena nthawi ya mapemphero, ndipo akafunsidwa ayankhe mwaulemu m'malo motseka chitseko. Adziwe zomwe akumvera. Kuvala malaya a chithunzi chomwe sungathe kuchifotokoza ndi kupusa, osati kutsogola. Ndipo ngati nkhani ya Algalord yamugwira mtima, apite kwa agogo akadali moyo akawafunse nthano zawo, azilembe kapena azijambule pafoni yomweyo.

Anyamata a ku Trieste adakhulupirira kuti anthu akufunabe kumva nthano pa nthawi yomwe makampani akuluakulu adati zidatha ntchito, ndipo zaka zadutsazi zawavomereza. Mwana yemwe wakopeka ndi chimbale chawo akuonetsa njala yomweyo yomwe idasonkhanitsa makolo ake pamoto ali ana. Njala imeneyo siyofunika kuilanga. Kholo lanzeru liyambe lamva nkhani yonse, lisiyanitse mankhusu ndi mphale, kenako liweruze.